Mmene tinatulutsira kompyuta m'chikuta

Ine ndine Esinati Phiri, koma pa boma la Chadiza mukafunsa dzina limenelo adzakuyang'anani ngati mwasochera. Funsani Anaphiri osesa. Kusukulu sindinapondeko, ndiye wolankhula ndine, cholembera chili m'manja mwa mdzukulu wanga Tiyanjane. Ndamuuza kuti asakonze kalikonse, pamene ndakhota nayenso akhote. Zaubwana wanga tizisiye, n'zofanana ndi za aliyense. Ndikufuna inu ana anga mudziwe za ntchito imene inakulerani bambo anu atatisiya.

1991 mpaka 1994: Zemba ndi Zingalume

Ntchito yoyamba ndinaipeza pa kachipatala kakang'ono ku Zemba. Anandilemba ndi a Sisita Mwale, mayi wamfupi koma mawu ake ngati belu la tchalitchi. Tsiku loyamba anandipatsa tsache, ndowa ndi kachidutswa ka sopo, n'kunena kuti, "Sopoyu afike kumapeto kwa mwezi, Anaphiri. Akatha muzitsuka ndi phulusa." Ine ndinaseka. Iwo sanaseke. Kumeneko ndinaphunzira kuti pantchito ya boma chinthu sichitha, chimangochepa. Magolovesi tinkachapa n'kuyanika pachingwe ngati masokosi. Chaka cha chilala chija, pamene tonse tinadya chimanga chachikasu, anandisamutsira ku Zingalume kukasesa pa depoti ya chimanga. Kumeneko ndinasesa anankafumbwe ambiri kuposa chimanga. Koma sindidandaula. Palibe mwa inu amene anagona osalawa kanthu.

1995 mpaka 1997: pa boma

Kenako anandiitana ku boma, pa malo ophunzitsira alimi, kumene anthu a m'midzi ankabwera kudzamva za thonje, nsawa ndi kasungidwe ka chimanga. Bwana wathu anali a Mbewe, munthu wabwino mtima koma woopa phokoso. Nkhani ikayamba kutentha ankatseka ofesi n'kupita kukaona munda wachitsanzo, ngakhale m'chilimwe munda uli mbee. Kalaliki anali a Zulu, munthu wowonda wa magalasi, wochokera cha ku Chipata. Pa Chadiza analibe mbale aliyense, anali iwo ndi akazi awo basi. Ndi iwo amene anandiphunzitsa kulemba chilembo choyamba cha dzina langa kuti ndisiye kudinda chala. Mpaka lero chilembocho ndimachidziwa, chili ngati chipeso cha mano atatu.

Azungu ena a pulojekiti imene inatha anatisiyira kompyuta yakale. Inali yokalamba ndithu, ukaiyatsa inkangolira n'kusiya. A Mbewe anati tiziikapo maluwa. A Zulu anakana. Tsiku lina ndikupukuta tebulo anandifotokozera. "Anaphiri, makinawa ali ngati ngolo. Ngolo payokha siyenda, imafuna ng'ombe. Ng'ombe yake timaitcha sisitimu. Imene aliyense amaidziwa ija ndi yogula, ndipo ndi yaikulu, goli lathuli silingaikwane." Ndinati, "Ndiye mufune bulu." Anaseka mpaka kuvula magalasi.

Atapita ku maphunziro ku Lusaka anabwerako ndi madisiki m'thumba la jekete, akumwetulira ngati munthu wochokera kuchinkhoswe. Anati apeza sisitimu yaulere, yopangidwa ndi anthu a m'mayiko osiyanasiyana amene ambiri sanaonanepo nkhope. Aliyense akhoza kuitenga, kuikopera mnzake, kuisuzumira m'kati, ngakhale kuikonza pamene yalakwika. Anatinso pakati pa zaulerezo pali ina yotchukako imene a ku yunivesite amaitama, koma yathuyi inali ngati mng'ono wake wofatsa, wogwira ntchito osatchulidwa. Dzina lake anandiuza kangapo, lilime langa linakana. Anailowetsa, makina aja n'kudzuka. Tinayamba kusindikiza timapepala ta m'Chichewa ta kapoperedwe ka thonje, ndipo aphunzitsi ankabwera ndi mayeso a ana.

Tsono inu mukudziwa fumbi la Chadiza. A Zulu anati fumbi ndilo lipha makina. Anaika lamulo lakuti wolowa m'chipinda cha makinawo avule nsapato pakhomo. Mazenera tinatseka, makatani n'kukoka. Makinawo ndinkawafunditsa nsalu yakuda, chifukwa ndiyo inalipo m'sitolo. Olowamo tinali awiri, iwo kukagwira ntchito, ine kukakolopa. Ofuna mapepala ankadikira panja. Ife tinkaona ukhondo, osaganiza kuti munthu woima panja akuona chiyani.

Kunabwera mtolankhani wa nyuzipepala, anajambula, anamwa tiyi, anapita. Nkhani itatuluka a Zulu anandiwerengera. Inati Chadiza yatsogola, ili ndi kompyuta, ndipo inatchula sisitimu yogula ija. A Zulu anapinda nyuziyo pang'onopang'ono. "Anaphiri, mnzanu akakupatsani ndiwo m'mbale, inu n'kukathokoza nyumba ina, zikhala bwanji?" Ndinati, "Zikhala zamanyazi." Anati, "Anthuwa sanatipemphe kanthu. Mbale yawo tibweza ndi chiyani? Dzina lawo lokha limveke." M'mawa mwake anatenga chithunzi chimene chinali pa chikuto cha madisiki n'kuchimata pachitseko, kuti aliyense adziwe mwini ntchito. Ndinachiyang'ana. Kanali kanthu kofiira, ka nyanga ziwiri ndi mchira, kakumwetulira. Ndinati, "A Zulu, kameneka katipalira moto." Iwo anati, "Ndi chizindikiro chabe, amayi, ngati tambala wa pa thumba la ufa."

1998: chaka cha manong'onong'o

Taganizani nokha. Chipinda chamdima, nsapato pakhomo, nsalu yakuda, mlendo wopanda mbale akulowamo yekha, pachitseko pali chanyanga, ndipo mwini wake akuuza anthu kuti anapatsidwa ulere ndi anthu a kutsidya kwa nyanja amene sanawaonepo. Masiku amenewo nkhani za satana zinali paliponse, m'minibasi, kuchigayo, m'mapemphero. Anthu anati palibe mlendo amene amakupatsa chinthu chachikulu osafuna kanthu, ngati safuna ndalama ndiye kuti afuna magazi. Mwana wa wogulitsa makala atadwala malungo, anati dzina lake linalowa m'makina. Alimi anayamba kukana timapepala tathu. Wina wa ku Zemba anakanyamula ndi timitengo tiwiri n'kukaponya m'chimbudzi.

Ine ndinali wa chigwirizano cha amayi kutchalitchi kwathu, ndipo yunifolomu yanga ndinkaisunga kuposa chovala china chilichonse. Amayi amenewo ndi amene anandiphikira pamaliro a bambo anu. Mtsogoleri wathu anali Anabanda, mayi woopa Mulungu, wopemphera motalika, amene ankanena chinthu pamaso osati kumbali. Lachinayi lina titaweruka anandikokera pansi pa mtengo wa mango. "Anaphiri, mumavula nsapato m'kachisi wa ndani?" Ndinati, "Ndimavulira fumbi, mayi." Anati, "Fumbi lili ndi nyanga? Tamverani, ndikukuuzani ngati mnzanu. Musiye kulowa m'chipinda chimenecho, apo ayi yunifolomu mubweze mpaka akulu a mpingo aone nkhani yanu."

Sabata yomweyo a Mbewe anandiuza, maso ali pawindo, kuti chionetsero cha zaulimi chikangotha adzapempha kuti a Zulu asamutsidwe, makinawo apite nawo. Anati, "Kuti mtendere ubwerere." Kwa ine njira inali yosavuta. Kungokhala chete, kukolopa zipinda zina, a Zulu n'kupita, yunifolomu n'kukhala yanga.

Chimene chinanditembenuza ndi ichi. Tsiku lina masana, dzuwa lili paliwombo, ndinadutsa pa mjigo. Ndinapeza Mayi Zulu akupopa madzi okha, ali ndi pakati poonekera, thukuta lili chuchuchu. Ndinati, "Mwanawe, madzi a masana ano bwanji?" Anati, "M'mawa ndikafika amayi onse amachotsa ndowa zawo, agogo. Amati ndisakhudze mpini iwo asanatunge." Anayesa kuseka, koma milomo inakana. Kenako anafunsa motsitsa mawu, "Tsiku langa likadzafika, adzabwera ndani?" Ndinamusenzera ndowa mpaka kwawo. Pobwerera ndinadziwa kuti kukhala chete kwandikanika.

Ndinalowa mu ofesi ya a Mbewe tsache lili m'manja kuti asathawire kumunda. Ndinati, "Bwana, kwathu mwana akabadwa amakhala m'chikuta ndi amake, osaonedwa. Koma mchombo ukagwa timamutulutsa, anthu amuone, amunyamule, apatsidwe dzina. Mukamusunga m'nyumba chaka chathunthu, anthu ayamba kunena kuti munabereka chinthu china. Makinawa sitinawatulutse m'chikuta. Tiwatengere kuchionetsero." A Mbewe anati, "Akakawaphwanya?" Ndinati, "Mukufuna kale kuwachotsa, mutaya chiyani?" A Zulu anali pakhomo, anati, "Nanga fumbi la kubwalo lija?" Ndinati, "A Zulu, sankhani, fumbi kapena minibasi ya ku Chipata."

Tsiku la chionetsero

A Mbewe anafuna kuti makinawo apite pagalimoto, atakutidwa. Ndinakana. Mwana sapita kukaonetsedwa ali m'thumba. Ndinapota nkhata, a Zulu anandisenza bokosi lenilenilo pamutu, popanda nsalu, iwo n'kunyamula chagalasi chake choonerapo zolemba m'manja ngati mtsuko wa mowa. Tinadutsa pakati pa msika dzuwa likuwala. Amayi a tomato anakoka ana awo. Wina anakuwa, "Anaphiri, mwasenza bwana wanu?" Ndinati, "Eya, ndipo ndi wopepuka kuposa amuna anu akaledzera!" Msika unaseka, ndipo oseka aja anayamba kutitsatira.

Kubwalo anatipatsa kasakasa pakati pa mbuzi ndi maungu. Jenereta italira, anthu anaima patali mozungulira, ngati pali njoka. Ndinati, "A Zulu, tsegulani mimba yake." Anandiyang'ana ngati ndawapempha kuti avule malaya, koma anatenga sikuludiraiva. Ndinaitana mkulu wina wa ku Zingalume amene ndinkamudziwa kudepoti, munthu wosaopa kanthu. Anasuzumira nthawi yaitali, akufunafuna kabotolo ka magazi. Kenako anatulutsa mutu n'kunena mokweza, "Muli timawaya, kachipupiza mphepo, ndi mphemvu yakufa. Anaphiri, ndiye mumasesa chiyani kumeneko?" Anthu anagwa nacho chiseko, ine manyazi anandigwira zenizeni, koma mzere unayamba. Aliyense anafuna kuona mphemvuyo.

Anabanda anafika atavala yunifolomu, amayi a chigwirizano ali pambuyo pawo. Sanandipatse moni. Analoza chithunzi chija, chimene a Zulu anaumirira kuti tibwere nacho. Ndinati, "Mayi, mabatire a wailesi yanu ali ndi mutu wa chilombo. Munayamba mwalumidwa?" Anati, "Musandiseke, Anaphiri. Chilombo chinalengedwa ndi Mulungu, ichi ayi. Ngati chinthuchi si cha mdima, chilembe pemphero." A Zulu anakhala pampando, zala pa mabatani. Anabanda anatseka maso n'kuyamba. Anapempherera mvula, odwala, boma, ana osamvera, anadzudzula mdyerekezi ndi ntchito zake zonse, a Zulu akungogogoda thukuta lili kamukamu. Atati ameni, pulinta yosindikizira mapepala, imene inabwera pagalimoto, inayamba kulira kwee kwee, anthu n'kubalalika, mbuzi n'kudula chingwe. Pepala linatuluka lalitali. Mphunzitsi wina analiwerenga mokweza, mawu onse a Anabanda, mpaka pamene anatemberera satana. Anabanda analanda pepalalo, analipinda bwinobwino n'kuliika m'chikwama. Anati, "Mwasiya pamene ndinatchula amasiye." A Zulu anati, "Munathamanga, amayi. Tibwereze?" Anati, "Chithunzicho sindichikondabe." Koma sanachoke.

Pachionetseropo panali mayi wa wailesi ya ku Lusaka, wa pulogalamu ya Chinyanja, a Miti, atakoleka chojambulira mawu paphewa. Anabwera kudzafunsa za thonje, phokoso lathu n'kuwakoka. Analozetsa maikolofoni kwa a Zulu. Koma a Zulu, munthu wodziwa zonse zija, anangoyamba Chingerezi chothamanga. A Miti anazimitsa makina awo. "Bambo, agogo anga akumudzi amva chiyani pamenepa?" A Zulu anandiyang'ana. "Anaphiri, nenani inu. Pamene mwalakwitsa ndikonza."

Ndinalankhula zimene iwo anandiphunzitsa, m'mawu a kumunda. Ndinati pali mbewu ya m'sitolo, yabwino ndithu, koma chaka ndi chaka ugule, ndipo sungaisunge. Palinso nsawa zimene amayi anga anapatsidwa m'mbale ndi mnansi wawo, iwo n'kupatsa ine, ine n'kupatsa apongozi anga. Wopatsayo sasauka nazo, ndipo safuna magazi a munthu. Chimene timachita n'chakuti mbale yake sitibweza yopanda kanthu, ndipo wina akafunsa kuti mbewu yabwinoyi munaitenga kuti, timatchula mwini wake, osati sitolo. A Zulu anadula, "Koma mbewuyi mukhozanso kuikonza nokha ikavuta." Ndinati, "Mwamva, akonza." A Miti anafunsa dzina lake. Ndinati, "Ife taitcha Tigawane, poti lero yatuluka m'chikuta. Koma ili ndi dzina la kwawo, ndipo limenelo ndilo tabwerera pano." A Zulu anawerama pa maikolofoni n'kulitchula pang'onopang'ono, kawiri, chilembo ndi chilembo, ngati munthu wotchula dzina la malemu bambo ake.

Pulogalamu inaulutsidwa patapita masabata angapo, Loweruka madzulo dzuwa lisanalowe. Tinamvera pa golosale ya pamsika, anthu ali thithithi. Za mbuzi anadula, za mphemvu anasiya. Dzina lija linamveka bwinobwino, kawiri konse. A Zulu anavula magalasi n'kumawapukuta nthawi yaitali, ngakhale analibe fumbi. A Mbewe za kusamutsa sanazitchulenso, ndipo kwa alendo ankati maganizo opita kuchionetsero anabadwira mu ofesi yawo. Sananame, ndinawanenera momwemo. Aphunzitsi awiri anabwera kuchokera ku Katete kudzakopa madisiki. Nsalu yakuda ndinaisintha ndi chitenje chamaluwa, makatani tinatsegula, nsapato anthu ankavulabe koma tsopano akudziwa chifukwa. Sikuti onse anatembenuka. Ena mpaka lero amati Anaphiri anadyetsedwa. Za yunifolomu yanga Anabanda sanazitchulenso. Lachinayi lotsatira anangondisunthira malo pabenchi.

1999: kupuma

Mayi Zulu anachira kumayambiriro kwa mvula, 1998 isanathe, mwana wamkazi. Amene anafunsa kuti adzabwera ndani anasowa pokhazika anthu. Ndowa za madzi zinafola pakhomo, nkhuni mulu, Anabanda ali m'kati akulamula aliyense. Tsiku lotulutsa mwana anandipatsa ine kuti ndimunyamule, poti agogo ake anali kutali. A Zulu anakonza kukhosi n'kunena kuti aganiza dzina lakuti Tigawane. Akazi awo anati, "Mwana wanga si makina. Dzina lake ndi Esinati." Ine ndinangomukumbatira mwanayo pachifuwa.

Chaka chotsatira mawondo anayamba kukana ndowa, ndinapuma ntchito. Ndikuthokoza a Sisita Mwale ndi sopo wawo, a Mbewe ndi munda wawo, Anabanda amene anandiyesa pamaso osati kumbuyo. Ndikuthokozanso anthu a kutali aja amene sindidzawaona, amene anatumiza mbale kwa anthu osawadziwa. Dzina lawo lilime langa likukanabe. Koma Esinati wamng'ono amalitchula bwino, ndipo akabwera kudzandiona ndimamuuza kuti alinene mokweza, kawiri, kuti ndi anansi omwe amve.